Kumanga ndi kumasula mtolo: aljebra ya Fomu 2 pa Zalewa

## Masamu a pawindo la basi

Basi ikaima pa rodibuloko ya pa Zalewa, pamene msewu wa M1 umawoloka Shire n'kupatukana ndi uja wolowera ku Mwanza, malonda amachitikira pawindo ndipo sachedwa. Nyengo ya manachesi mayi amakweza beseni m'mwamba, zipatso atazimanga kale m'majumbo. Wina m'basimo akuti majumbo 7, mnzake wa mpando wakumbuyo akuti 3, ndalama apereka pamodzi poti ndi aulendo umodzi. Tiyerekeze kuti jumbo ndi K500. Mayiyo sawerengera kawiri. Amangoti, "Onse pamodzi ndi 10, ndiye K5,000 bwana," uku dzanja lina likufufuza chenji, dalaivala ataliza kale hutala.

Zimene wachita mayiyu ndi zomwezo zimene mwana wake wa Fomu 2 akukanika nazo m'kalasi. Pabolodi zimalembedwa kuti 7p + 3p = (7 + 3)p, pamwamba pake n'kuikapo mawu akuti factorisation, ndipo mwana amene dzulo madzulo amathandiza amayi ake kuwerengera za malonda amangoti kukamwa yasa. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa nzeruyo mwanayo ali nayo kale. Chasowa ndi munthu womuonetsa kuti za pabolodi ndi za pamsewu n'zapachibale.

Kwathu kuno zilembo zimalowa m'masamu mwamphamvu mwana akafika ku sekondale. Pomatha Fomu 2 amayenera kukhala akumasula ndi kumanga mabulaketi awiri, ndipo zimenezi amakumana nazo pa mayeso a JCE, amene bungwe la MANEB linayambanso kulembetsa mu 2021 atakhala zaka zingapo ali oimitsidwa. Masamu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amakhala pamwamba pa maziko amenewa. Woterereka pa Fomu 2 amafika pa MSCE akutsimphina.

## Kodi polynomial n'chiyani?

Dzinali lisaopse munthu. Tengani nambala 156. Mwana wa ku pulayimale amadziwa kuti mmenemo muli handiredi imodzi, mateni 5 ndi mawani 6. Tikailemba motambasula imakhala 1 × 10² + 5 × 10 + 6. Tsopano fufutani 10 paliponse, mulembepo x. Mwapeza x² + 5x + 6. Imeneyo ndiye polynomial: zigawo zophatikizana kapena zochotserana, chigawo chilichonse chili nambala yochulukitsidwa ndi x, kapena x², kapena x³, kumapita m'tsogolo choncho, kapenanso nambala yoima payokha. Chosaloledwa ndi chakuti x akhale kunsi kwa mzere wogawira kapena mkati mwa square root. Kanambala kapamwamba koposa tinzake ndiko kamatiuza msinkhu wake. Kakakhala 2 timati quadratic, ndipo ndi imeneyi imene ana a Fomu 2 amagwa nayo m'fumbi.

Kusiyana kwa 156 ndi x² + 5x + 6 n'kumodzi kokha: 10 sasuntha, pamene x ndi mpando umene nambala iliyonse ingakhalepo.

Taonani pokoma. 13 × 12 = 156. Koma 13 ndi 10 + 3, ndipo 12 ndi 10 + 2. Ndiye kuti (x + 3)(x + 2) = x² + 5x + 6. Mwana amene amatha kuchulukitsa 13 ndi 12 wakhala akumasula mabulaketi kuyambira kalekale, kungoti panalibe womuuza. Yesaninso 32 × 11. Yankho ndi 352, ndipo (3x + 2)(x + 1) = 3x² + 5x + 2. Manambala amafanana maonekedwe chonchi pokhapokha ngati pochulukitsapo palibe nambala yosunga yopita ku mzere wotsatira, choncho mphunzitsi asankhe zitsanzo zake usiku, asadzazitole pabolodi pomwepo.

Kuchoka pa mabulaketi kupita ku zigawo ndiko kumasula mtolo, kumene buku limati expand. Kubwerera ndiko kumanga mtolo, factorise. Kumasula sikuvuta; ukadula luzi nkhuni zimamwazika zokha. Kumanga ndiye kumafuna maso, uone kuti izi zigona bwanji kuti luzi likwane.

## Chilembo si chipatso

Pali njira ina imene ambiri tinaphunzitsidwa nayo, ndipo ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti tiisiye. Amati 3m + 2m ndi mango atatu kuphatikiza mango awiri, ndiye 5m. Tsiku loyamba zimayenda bwino, ana onse amakhoza. Tsiku lachiwiri pabwera 3m + 2n, ndipo mphunzitsi amati mango ndi nthochi siziphatikizika. Mwana wa pa Zalewa amadziwa kuti zimenezo si zoona, poti amaziika m'beseni limodzi tsiku ndi tsiku n'kukhala zipatso zisanu. Ndiye amalemba 5mn, ndipo m'maganizo mwake sanalakwe. Sabata yotsatira pabwera m × m. Bango kuchulukitsa ndi bango ndi chiyani? Apa mwana amasiya kuganiza, n'kuyamba kungoloweza.

Chilembo chimaimira nambala, osati chinthu. Nenani kuti m ndi mtengo wa bango limodzi, n ndi mtengo wa nthochi imodzi. Pamenepo 3m + 2n ndi ndalama zimene wogula alipire, ndipo n'zoonekeratu kuti sungazifupikitse usanadziwe mitengoyo. Wina akalembabe 5mn, musamukalipire. Muuzeni aike m = 200 ndi n = 100. Mango atatu ndi nthochi ziwiri ndi K800. Koma 5mn ikupereka K100,000. Kalasi yonse iseka, naye aseka, ndipo sadzabwerezanso.

## Dimba la m'mbali mwa Shire

Zalewa ndi kotentha ndipo mvula yake si yodalirika, n'chifukwa chake amene ali ndi malo m'mbali mwa Shire kapena Lisungwi amasamala madimba awo ngati mwanadiso. M'kalasi simulephera kukhala ana amene anathirirapo mabedi a mpiru ndi tomato. Tulukani nawo panja, pamthunzi, mutole kamtengo.

Jambulani pansi dimba la mbali zinayi zofanana. Musaliyeze. Ingonenani kuti mbali iliyonse ndi mamita x, ndiye kukula kwa malo ake ndi x². Mwini dimbalo wakapempha malo kwa amfumu, ndipo amuwonjezera mamita 3 chakum'mawa ndi mamita 2 chakummwera. Talikitsani mizere ija mpaka dimba latsopano litseke. Mulitali mwake tsopano ndi x + 3, mulifupi x + 2. Kenako funsani kuti akuona zigawo zingati, ndipo muitane ana anayi, aliyense akaime m'chigawo chake. Woyamba waima m'dimba lakale, x². Wachiwiri ali m'kamzere ka kum'mawa, 3x. Wachitatu ali m'ka kummwera, 2x. Wachinayi wapanikizika m'kangodya ka mamita 3 ndi 2, komwe ndi 6. Zonse pamodzi x² + 5x + 6.

Kangodya kameneka ndi timizere tiwirito ndi zimene mwana wongoloweza amaiwala. Amene anapondamo ndi phazi lake saiwala msanga.

Mukatero tembenuzani funso. "Ndili ndi dimba lina. Malo ake onse ndi x² + 7x + 12. Mulitali ndi mulifupi mwake ndi motani?" Factorisation yonse ya Fomu 2 yagona m'funso limeneli: wapatsidwa kukula kwa malo, upeze mbali zake.

## Makatoni a m'golosale

Aphunzitsi a m'Malawi ali ndi mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwe ulipo, ndipo ndondomeko ya SMASSE, imene unduna wa maphunziro unayamba mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, yakhala ikulimbikitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuti ana azigwira zinthu ndi manja. Pa phunziro ili zipangizo zake zili kuseri kwa golosale iliyonse pa Zalewa: makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira.

Dulani zidutswa za mitundu itatu. Sikweya yaikulu ndiye x². Tizidutswa titalititali, totalika ngati mbali ya sikweya yaikuluyo, ndiye x. Timasikweya ting'onoting'ono, tofanana ndi kuonda kwa titalititali tija, ndiye 1. Chenjerani pa chinthu chimodzi: ting'onoting'ono tisakwane ndendende m'mbali mwa sikweya yaikulu. Yaikulu ikhale masentimita 11, tating'ono masentimita 2. Mukadula 10 ndi 2, mwana wochenjera andanda tisanu n'kulengeza kuti x ndi 5, ndipo phunziro lonse lapotoka.

Perekani ku gulu lililonse sikweya yaikulu imodzi, titalititali 7 ndi ting'onoting'ono 12, muwauze kuti apange dimba la ngodya zinayi, pasatsale kanthu ndipo pasakhale mpata. Kenako inu khalani chete. Ambiri amayamba ndi kuika titalititali 6 kumbali, kamodzi kunsi. Pangodya pamalowa ting'onoting'ono 6, tina 6 n'kutsala m'manja.

"Madamu, tatsala nato."

"Sunthani kamodzi muone."

Tsopano 5 kumbali, 2 kunsi. Palowa 10, tatsala 2. Apa ana amakhala atanunkhiza kale, sadikiranso kuuzidwa. Kumbali 4, kunsi 3, ndipo 12 yense walowa, dimba latseka. Mbali zake ndi x + 4 ndi x + 3.

Lamulo lija timathamangira kulemba pabolodi, lakuti pezani manambala awiri amene pophatikiza akupereka 7 ndipo pochulukitsa akupereka 12, anawa alipeza ndi zala zawo. Asiyeni alinene okha, m'mawu awo, ngakhale mokhotakhota. Zimatenga nthawi kuposa kungowauza, inde, mwina mapiriyodi awiri athunthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthawi imeneyi imabwerera yokha pamene simukufunikanso kubwereza phunziro lomwelo katatu mayeso atayandikira.

Makatoni asakhalitse. Pakatha masiku awiri kapena atatu ana asiye kudula, azingojambula m'kope kabokosi ka zipinda zinayi, x ndi 4 pamwamba, x ndi 3 kumbali. Kabokosi kameneka ndiko adzapite nako m'chipinda cha mayeso.

## Njira imeneyi ndi yakale

Wina angaganize kuti zojambula madimbazi n'zongopeputsira ana a kumudzi. Ayi. Aljebra inabadwa choncho. Cha m'ma 820, ku Baghdad, katswiri wina dzina lake al-Khwarizmi analemba buku limene m'dzina lake muli mawu a Chiarabu akuti al-jabr, komwe kunachokera dzina la phunziroli. M'bukumo munalibe x ngakhale mmodzi. Zonse ankazifotokoza m'mawu n'kuzitsimikiza ndi zojambula za masikweya. Funso lake lotchuka, tikalilemba mwa masiku ano, ndi x² + 10x = 39. Njira yake ina inali kugawa 10x pawiri, 5x kumbali ndi 5x kunsi, n'kuona kuti pangodya pasowa kasikweya ka 25. Ukakaika, malo onse amakhala 39 + 25 = 64, mbali yake 8, ndiye x ndi 3. Ana a Fomu 3 amaphunzira zomwezi pa dzina lakuti completing the square.

Chizindikiro cha = chinabwera mu 1557 ndi Robert Recorde wa ku Wales, ndipo chizolowezi cholemba x, y ndi z poimira nambala zosadziwika chinafala ndi René Descartes mu 1637. Kuchokera pa al-Khwarizmi kufika pa Descartes panadutsa zaka zoposa 800. Ife timafuna mwana wa zaka 14 alumphe mtunda wonsewo m'teremu imodzi, ndipo akapunthwa timati alibe mutu wa masamu.

## Cholakwa chimene sichisowa m'makope

Tsegulani makope a Fomu 2 kulikonse, mupeza (x + 3)² = x² + 9. Mwana waona kanambala 2 pamwamba n'kukagawira onse awiri a m'bulaketi, monga anachitira ndi 2(x + 3). Mankhwala ake ndi 10 yemwe uja. Ikani x = 10. Kumanzere kuli 13 × 13, yomwe ndi 169. Kumanja kuli 109. Kwasowa 60. Wapita kuti? Jambulani dimba: ndi timizere tiwiri tija, 30 kum'mawa ndi 30 kummwera, ndiye kuti 6x.

Ndikadakhala ndi mphamvu, ndikadalamula kuti mwana aliyense asapereke kope asanayese yankho lake ndi nambala. M'kalasi ya ana ochuluka mphunzitsi mmodzi sangathe kuchonga zonse tsiku lomwelo, ndipo buku limodzi limazungulira pa ana angapo. Mwana amene amadziwa kuika 10 kapena 2 m'malo mwa x ali ndi womuchongera wakewake, ngakhale ali yekha kunyumba pa kuwala kwa tochi.

## Mainasi ndiye njoka mu udzu

Kawirikawiri mwana amene tikuti sakumva factorisation amakhala kuti akuimva, koma wagwa pa manambala a mainasi. Tengani x² − x − 12. Tikufuna manambala awiri amene pochulukitsa apereke −12, pophatikiza apereke −1. Mwana amapeza 4 ndi 3 mwachangu, kenako n'kuima, osadziwa kuti mainasi aike pa uti.

Pophatikiza, chinenero cha ngongole chimathandiza kwambiri, poti palibe mwana wa pamsika amene sakuidziwa. Uli ndi K3, uli ndi ngongole ya K4: ukabweza utsala ndi ngongole ya K1. Ndiye −4 ndi +3, ndipo yankho ndi (x − 4)(x + 3). Yesani ndi 10: 100 − 10 − 12 ndi 78, ndipo 6 × 13 ndi 78.

Pochulukitsa mainasi ndi mainasi, ngongole imayamba kuvuta kufotokoza, ndiye ine ndimakonda masitepe. Lembani motsika: −3 × 2 = −6, kenako −3 × 1 = −3, kenako −3 × 0 = 0. Funsani kuti mayankho akuyenda bwanji. Akukwera ndi 3. Nanga chotsatira, −3 × −1? Ana amanena okha kuti +3. Amene akufunabe makatoni angadetse mbali imodzi ndi khala, yakudayo ikhale mainasi, koma musakakamire. Apa kabokosi ka zipinda zinayi kamagwira ntchito bwino kuposa makatoni.

## Masikweya awiri akachotserana

Funsani kalasi kuti 53² − 47² ndi zingati, inu n'kuyankha nthawi yomweyo kuti 600, iwo asanatsegule n'komwe makope. Akachulukitsa apeza 2,809 − 2,209, ndipo ndi 600 ndithu. Pamenepo amafuna kudziwa chinsinsi. Chinsinsicho ndi a² − b² = (a + b)(a − b): phatikizani, mupeza 100; chotserani, mupeza 6; chulukitsani. Katoni imaonetsanso zimenezi. Dulani kasikweya pangodya ya sikweya yaikulu, chotsalacho muchidule pawiri n'kulumikiza, chisanduka dimba limodzi lalitali.

Nzeru yomweyi imayankha funso la woweta mbuzi. Ali ndi waya wa mamita 40, akufuna khola la ngodya zinayi lalikulu koposa. Akamanga 10 ndi 10, malo ndi 100. Akatalikitsa mbali ina ndi d, inayo imafupika ndi d yemweyo, ndipo malo ndi (10 + d)(10 − d), yomwe ndi 100 − d². Kulikonse kumene angasunthire, akutaya. Khola la 12 ndi 8 lili ndi 96, la 15 ndi 5 lili ndi 75, waya ali yemweyo.

## Kutsogolo kwa x² kukakhala nambala

Apa ndidutsa msanga, chifukwa amene wamvetsa dimba savutika. Pa 2x² + 7x + 3, chulukitsani 2 ndi 3, mupeza 6. Manambala ochulukitsana kupereka 6 ndi kuphatikizana kupereka 7 ndi 6 ndi 1. Ng'ambani 7x akhale 6x + x, mumange awiriawiri: 2x(x + 3) + 1(x + 3). Tsopano x + 3 ali ngati mtengo wa jumbo la manachesi lija, wopezeka mbali zonse ziwiri. Mutulutseni: (2x + 1)(x + 3). Ndi 10, ndi 21 × 13, yomwe ndi 273. Kamene ana amaiwala ndi ka 1 kaja.

## "Sala, zimenezi zidzatithandiza chiyani?"

Funsoli ndi labwino ndipo liyenera kuyankhidwa moona, osati ndi "zidzabwera pa mayeso". Yankho lake ndi lakuti mtolo womangidwa umaulula zimene womasuka umabisa.

Bambo akufuna nazale ya mitengo ya malo okwana masikweya mita 84, ndipo mulitali mupose mulifupi ndi mamita 5. Tilemba x(x + 5) = 84. Ana ambiri apa amalumpha n'kunena kuti x ndi 84, kapena x + 5 ndi 84. Koma manambala awiri ochulukitsana kupereka 84 ndi ambirimbiri, ndiye palibe chimene tadziwa. Ziro yekha ndiye ali ndi khalidwe lina: manambala awiri akachulukitsana n'kupereka ziro, mmodzi mwa iwo ndi ziro basi. N'chifukwa chake timasamutsira zonse mbali imodzi, x² + 5x − 84 = 0, n'kumanga mtolo, (x + 12)(x − 7) = 0. Ndiye x ndi 7 kapena −12. Nazale singakhale ndi mbali ya mamita −12, choncho bamboyo akhome zikhomo pa 7 ndi 12.

Mwana amene adzaphunzire zomangamanga, zamagetsi kapena zowerengera ndalama adzakumana ndi ma polynomial tsiku ndi tsiku. Mtunda umene galimoto imayenda dalaivala ataponda buleki umakula motsatira sikweya ya liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Kwa ana amene amawoloka M1 m'mawa uliwonse, pakati pa mathiraki ochokera ku Mwanza, imeneyi si nkhani ya m'buku.

## Chichewa chilowe m'kalasi

Lamulo la maphunziro la 2013 limati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mayeso a masamu ku sekondale amabwera m'Chingerezi. Mwana ayenera kudziwa mawu akuti expand, factorise ndi simplify, awazindikire pa pepala popanda kunjenjemera. Pamenepa sinditsutsa. Koma taganizani zimene zimachitika m'mutu mwa mwana akamva mawu akuti term. Iye amadziwa teremu ya sukulu. Akamva power amaganiza za magetsi a ku Nkula, kufupi komweku. Akulimbana ndi zilombo ziwiri nthawi imodzi, Chingerezi ndi aljebra, ndipo akalephera sitidziwa kuti chamugwetsa ndi chiti.

Maganizo anga ndi akuti m'magulu ana azikambirana m'Chichewa momasuka, mphunzitsi azifotokoza chifukwa chake m'Chichewa pomwe pavuta, kenako zolemba pabolodi ndi m'kope zikhale m'Chingerezi cha mayeso. Mwana amene anganene kuti "ndatulutsa chimene onse ali nacho" wamvetsa common factor, ndipo dzina la Chingerezilo likabwera limapeza pokhala.

## Mphindi zisanu tsiku lililonse

Chinthu china chimene chimagwetsa ana n'chaching'ono kwambiri: matebulo. Amene sakudziwa msanga kuti 84 ndi 7 × 12 sangamange mtolo, ngakhale atamvetsa dimba bwanji. Piriyodi isanayambe, lembani nambala imodzi pabolodi, 24, kapena 36, kapena 60, ana atchule mapeya onse ochulukitsana kuipereka, kenako aphatikize peya iliyonse, aichotserenso. Makolo angachite zomwezi kunyumba osadziwa aljebra n'komwe. Matumba 24 a chimanga angasanjidwe m'mizere yofanana m'njira zingati? Gogo amene sanapondeko m'kalasi angathe kufunsa funso limeneli ali pamkeka.

## Zimene zikudikira kutsogolo

Ana auzidwe poyera kuti si mtolo uliwonse umamangika ndi manambala athunthu. Pa x² + 5x + 3 mungafufuze mpaka dzuwa kulowa, simupeza manambala athunthu ochulukitsana kupereka 3 ndi kuphatikizana kupereka 5. Mwana asaganize kuti walephera. Za mtundu umenewu zili ndi njira yake ku Fomu 3, ya al-Khwarizmi ija pamodzi ndi quadratic formula.

Ku Fomu 4 dzina lakuti polynomial limabwera ngati mutu pawokha, ndi x³, ndi remainder theorem ndi factor theorem. Kumeneko mwana amene anazolowera kuyesa ndi nambala amapeza kuti chizolowezi chake chija ndicho phunziro lenilenilo. Wapatsidwa x³ − 7x + 6. Aika x = 1: 1 − 7 + 6, ziro. Ndiye x − 1 ndi imodzi mwa mabulaketi ake. Aika 2: 8 − 14 + 6, zironso. Aika −3: −27 + 21 + 6, ziro kachitatu. Alemba (x − 1)(x − 2)(x + 3), kenako pambali pa pepala ayesa ndi 10: 1,000 − 70 + 6 ndi 936, ndipo 9 × 8 × 13 ndi 936.